Batire ya Thirakitala ndi Tsiku Lobadwa la a Dolesi

Goliati, masiku ano

M'mawa uliwonse, ndisanatsegulire nkhuku, ndimayamba ndatsegula wailesi. Pali pulogalamu ina imene mnyamata wolankhula ngati akuthamangitsidwa amatchula oyimba amene anabadwa tsiku limenelo, a kuno ndi a kunja omwe, komanso nyimbo zimene zinajambulidwa tsiku ngati lomwelo kalekale. Mayi anu amati ndimangotaya nthawi, poti anthuwo sindiwadziwa ndipo iwonso sadzandidziwa. Sakunama. Koma ine chidwi ndiye matenda anga, ndipo ndakalamba nawo. Ndimakhala ndikudzifunsa kuti tsikulo anasunga ndani, pakuti khanda likamabadwa palibe amene amadziwa kuti lidzayimba. Ana anga, m'mutu uno ndikulemberani za woyimba mmodzi amene simudzamva dzina lake m'pulogalamu imeneyo. Mudziwanso chifukwa chake akuluakulunu munawerengera pa koloboyi ku divishoni ya kuphiri ya esiteti ya tiyi pamene bambo anu anali wamagetsi. Iwe Agnesi wakhala ukundifunsa funso limeneli kuyambira uli kupulayimale, ndipo ine ndinkangokuzemba.

Zaka zanga zoyamba ku fakitale

Ndinalowa ntchito ku esiteti ya tiyi ndili mnyamata wosakwatira, wonyamula makwerero ndi chikwama cha zipangizo. Ndinaphunzira magetsi pogwidwa nawo. Nthawi imeneyo chilichonse chinkasowa. Fyuzi ikapsa tinkamanga kawaya, waya akafupika tinkalumikiza zidutswa, ndipo babu lakupsa sitinkataya msanga, tinkayamba taligwedeza kaye mwina n'kuyakanso. Patapita zaka anandipatsa udindo woyang'anira magetsi a divishoni ya kumunsi: shedi ya sikelo, kachipatala, nyumba za makalaliki, ndi holo imene antchito ankaonerako zisudzo ndi kumvera wailesi. Holo ndiyo ndinkaikonda. Munali galamafoni yakale ndi mbale zake zakuda, ndipo ine ndinkatha masana a Lamlungu ndikuyang'ana mizere ya pambalepo ndi galasi, kufuna kuona pamene pamakhala mawu a munthu. Sindinawaone.

Manijala wa divishoniyo anali a Kalinde, munthu wamtali, wosaseka pantchito, koma wosabera munthu. Iwo nkhani yawo inali imodzi yokha, masamba. M'dzinja tiyi amaphuka usiku ndi usana, ndipo masamba akathyoledwa safuna kugona m'matumba. Akachedwa kufika ku fakitale amatentha okhaokha, amafiira, ndipo tiyi wake amakhala wotaya. A Kalinde ukawapatsa moni m'miyezi imeneyo ankayankha akuyang'ana kumsewu ngati thirakitala yanyamuka.

A Dolesi ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Ndinali pamtengo wa waya wa foni wodutsa pakati pa munda, ndipo pansi panga panali gulu la amayi othyola tiyi, madengu kumsana. Mmodzi ankatsogolera nyimbo m'Chilomwe, mawu ake okhuthala, otulukira pang'ono m'mphuno, ndipo enawo ankavomera. Chimene chinandigwira ine si mawu okha ayi, koma manja. Manja awiri ankathyola, kuthyola, kuthyola, kenako n'kuponya masamba kumbuyo m'dengu, ndipo pamene dzanja laponyapo m'pamene gulu linkavomera. Ndinaiwala kuti ndili m'mwamba mpaka kapitawo anandifunsa ngati ndamera pamtengopo. Onse ankawatchula kuti amake Juwawo. Anabadwira kutsidya kwa malire, anabwera kuno ndi amuna awo, ndipo amunawo atamwalira iwo anatsala pa tikiti yawo yothyola. Nyimbozo ankapeka okha, ndipo ngati kapitawo wawalakwira Lolemba, pofika Lachitatu ankadzimva m'nyimbo.

Dzinja la mabatire osowa

Chaka chimenecho nkhondo ya kutsidya inali itakula. Makalata sankadutsa, ndipo anthu a kukomboni kwathu, amene ambiri anali ndi abale uko, ankangomva mphekesera. Kuno mabatire a tochi anasowa m'golosale zonse mpaka ku Boma. Anthu ankayanika akale padzuwa kuti amvereko nkhani za madzulo.

M'katikati mwa dzinjalo kunabwera uthenga woti anthu a wailesi akuzungulira m'maesiteti kujambula nyimbo za antchito, ndipo kwathu adzakhala tsiku limodzi lokha. A Kalinde anavomera ndi mtima umodzi. Anati zichitikire muholo, atuluke m'munda amake Juwawo ndi amayi ochepa ovomera, ndipo wina aliyense asadzaponde m'tiyi ndi makina. Ine anandiuza kuti ndionetsetse kuti magetsi a muholo asaphethire. Tonse tinkafuna kuti esiteti yathu isachite manyazi, ndiye tinachita zimene tinkaganiza kuti ndi ulemu. Akazi a makalaliki anabwereka mayunifolomu a kwaya ya kutchalitchi, oyera ndi kolala wabuluu. A Dolesi anawaveka nsapato za eni ake, n'kuwauza kuti manja aike kumbuyo monga amachitira a kwaya.

Wojambulayo anali a Zimba, bambo wamfupi wa magalasi, wofatsa. Galimoto imene inawabweretsa inangowatsitsa n'kupitirira ku Boma, kuti idzawatenge masana. Makina awo anali ngati kasutikesi, ndi mawilo awiri a tepi ozungulira pamwamba. Ine ndinakakamira pambali pawo ngati nkhupakupa, kufunsa ichi ndi icho, mpaka anandilola kuvala zomvera m'makutu. Ndinamva munthu akumeza malovu kumapeto kwa holo, ndipo thupi lonse linachita tsemwe.

Asanayambe, a Zimba anafunsa a Dolesi dzina ndi kwawo, kenako anati, "Nanga munabadwa liti, mayi? Tili ndi pulogalamu imene timaika nyimbo ya munthu pa tsiku lake lobadwa."

A Dolesi anaseka. "Ine ndinalipo koma sindinkaona bwino, bambo. Amene akudziwa ndi amayi anga."

"Ali kuti amayiwo?"

"Kutsidya. Kaya alipo, kaya kulibe. Chiyambire nkhondoyi sitinamvane." Kenako anafunsa, "Kodi wailesi yanuyi imafika kuseri kwa phiri?"

A Zimba anati imafika, mphepo ilibe malire.

"Ndiye dzina langa mukalitchule bwino. Mukati Dolesi mwana wa a Rozina. Ine za kutchuka ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna mayi amve kuti ndili moyo."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti tsikuli silinali la esiteti ayi. Koma mawilo atayamba kuzungulira, nyimbo inakana. A Dolesi anayamba, mawu anatuluka owonda ngati a munthu wina. Ovomera analowa mochedwa, kenako mofulumira, kenako anayang'anana. Anayesanso, chimodzimodzi. Nyimbo imene ankaiyimba tsiku ndi tsiku anaiiwala pakati. Thukuta linali chuchuchu m'kolala wabuluu uja, ndipo a Zimba anayamba kuyang'ana tepi imene inkatha. Ine ndinali kumbuyo kwa amayiwo, ndipo ndinaona zala za a Dolesi zikugwedera kumsana kumene anazimanga, zikutsina mphepo.

Tikupuma, ndinapita pamene anakhala atavula nsapato. "Amake Juwawo, chavuta n'chiyani?"

"A Lasitoni, nyimbo ija ili m'manja. Mwandimanga manja, ndiye ituluke bwanji? Ine sindinayimbepo chiimire ngati mtengo. Komanso anzangawa amavomera ndikaponya masamba. Pano ndiponya chiyani?"

Ndinawafotokozera a Zimba. Iwo anavula magalasi n'kunena kuti kumunda angapite mosangalala, koma mabatire a makinawo anathera ku esiteti ya dzulo lake, ndipo sanapeze ena. Anandionetsa chingwe cha mano awiri chimene chinkatha kukoka moto ku batire ya galimoto. Galimoto inali ku Boma. Batire imene inali pafupi inali imodzi yokha, ya thirakitala yonyamula masamba.

M'mawa womwewo, kumunda

Ndinapita kwa a Kalinde kaye, musaganize kuti bambo anu anangolumpha mpanda. Ndinawapeza pakhonde la ofesi ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Lasitoni, batire ija ndi yokalamba, iwe ukudziwa kuposa ine, ndipo ina kulibe. Masamba a m'mawa akapsa, a ku fakitale sadzafunsa za nyimbo. Ndakana." Sananyoze, sanakweze mawu. Chimene chinandipweteka n'chakuti ankanena zoona.

Ndinatsika masitepe. Mayi anu anali ndi pakati pa iwe Agnesi, tinali m'nyumba ya kampani ya magetsi ndi mpopi pakhomo, ndipo dzina langa linkamveka kuti ndikhoza kukwezedwa kupita ku fakitale yaikulu. Zonsezi ndinaziganiza, ndipo mantha ndinali nawo, osati pang'ono. Koma ndinkangoona zala zija zikutsina mphepo. Ndinaganizanso za mayi wokalamba kuseri kwa phiri amene mwina ankafunsa aliyense wodutsa ngati anaonako mwana wake. Ndivomerenso kuti kachidwi kanga kanaliponso: ndinkafunitsitsa kumva ngati makina aja angagwire nyimbo ili pakati pa tiyi.

Woyendetsa thirakitala anali a Tebulo, munthu wokonda mlandu ngati ndiwo. Nditawauza, anangofunsa kuti, "Akadzafunsa ndidzati ndani?" Ndinati adzatchule ine. Anaimika thirakitala pamtunda pa shedi ya sikelo, mphuno kuloza kumunsi, kuti ikakana kulira tidzaigubuduze. Ndinamasula batire n'kuisenza paphewa, asidi akundiboola malaya, kutsetsereka m'mizere ya tiyi wonyowa, a Zimba akundilondola atakumbatira makina awo ngati khanda.

A Dolesi anali atavula kale za kwaya zija. Anamanga chipepala chawo cha pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana, n'kulowa mumzere pakati pa gulu lonse. A Zimba anamangirira maiki kunsonga ya ndodo yoyezera msinkhu wa tiyi, ndipo ine ndinagwira ambulera pamwamba pa makina poti kunali kuwaza. Poyamba sanayimbe. Anangothyola, kuthyola, mpaka manja anapeza mayendedwe ake. Kenako mawu anabwera okha, aakulu, odzaza chigwa chonse, ndipo dzanja litaponya masamba amayi onse anavomera pamodzi ngati chitseko chotsekedwa. Inali nyimbo yatsopano. Chilomwe changa n'choperewera, koma ndinamva kuti ikufunsa mbalame yodutsa malire ngati nyumba ya pansi pa mtengo wa mango ikadali ndi utsi. A Zimba anandipatsa mbali imodzi ya zomvera. Munkamveka zonse: timitengo tikuthyoka, madengu akulira, mvula pa ambulera. Amayi ena ankayimba misozi ikutsika koma manja osaima.

Anajambula nyimbo zingapo, ndipo ine ndinaiwala za nthawi. Pamene ndinabweza batire, matumba a masamba anali atadzaza kale m'ngolo. A Tebulo anapotokola kiyi, thirakitala inangoti kho, basi. Anaimasula kuti igubuduke, koma msewu unali matope okhaokha, mawilo anatsetsereka osagwira, ndipo inakatsamira m'ngalande. Tinakankha tonse, amayi othyola, makapitawo, ngakhale a Zimba ndi nsapato zawo za mutauni. Inadzalira dzuwa litapendeka. Nditapisa dzanja m'thumba limodzi, munali motentha ngati m'chikuta, ndipo masamba a pakati anali atafiira.

A Kalinde anafika wapansi. Anapisanso dzanja m'thumba lomwelo, ananunkhiza, n'kundiyang'ana. "Nyimboyo yalowa?" Ndinati yalowa. "Chabwino. Mawa ubwere ku ofesi."

Zaka za ku divishoni ya kuphiri

Sanandichotse ntchito, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti a Kalinde ndi amene anakana kuti ndichotsedwe. Ananditumiza ku divishoni ya kuphiri, kumalire a esiteti, kumene kunalibe waya ngakhale mmodzi. Wamagetsi ntchito yake inakhala yoyang'anira injini ya pampu ya madzi ndi kukonza nyali za alonda. Za kukwezedwa zinathera pomwepo. Mayi anu sanandilankhule bwino kwa nthawi yaitali, ndipo sindiwaimba mlandu: anachoka pampopi kukatunga kuchitsime ali ndi mimba yaikulu. Tsiku lina akuyatsa koloboyi anandifunsa kuti, "Nyimbo yanu ija tiunikire pano?" 

Miyezi inapita osamva kanthu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndinagwetsa banja langa chifukwa cha tepi imene ili m'kabati. Kenako tsiku lina Lamlungu masana, pakawailesi kanga kamene ndinkakadyetsa moto wa injini ya pampu, ndinamva timitengo tikuthyoka. Ndinaitana mayi anu. Nyimbo itatha, a Zimba analankhula okha. Anatchula esiteti yathu, n'kunena kuti woyimbayo ndi Dolesi mwana wa a Rozina, ndipo popeza tsiku lake lobadwa silidziwika, aziiika nyimboyo tsiku lililonse limene angafune, mpaka amayi ake adzanene. Mayi anu anangoti, "Mawu ali nawo," n'kubwerera ku ntchito zawo. A Zimba anaiikadi kangapo chaka chimenecho. Koma ngati inafika kuseri kwa phiri, palibe amene ankadziwa. A Dolesi ndikakumana nawo kumsika ankangondifunsa ndi maso, ine n'kupukusa mutu.

Patapita zaka, anthu othawa nkhondo anayamba kudutsa ambiri. Njira yawo inkatulukira kumtunda, ndiye chipata choyamba cha esiteti chimene ankafika chinali chathu cha kuphiri. M'mawa wina mlonda anabwera kupampu ndi bambo wowonda, mapazi otupa, atanyamula kamtolo. Mlondayo anati, "Awa akufuna mayi woyimba m'tiyi. Ndati ndiwabweretse kwa inu, poti ndinu munathamangitsidwira nyimboyo." Bamboyo anati dzina lake ndi Manuwele, mlongo wake wa Dolesi. Mayi anu anamupatsa madzi ndi mbatata, ndipo ine ndinatseka pampu n'kutsika naye.

Tinawapeza a Dolesi mumzere. Atamuona mlongo wawo dengu linagwa, masamba mbwee. Za kulira ndi kukumbatirana sindilemba, mukhoza kuziona nokha. Atakhala pansi m'mphepete mwa munda, a Dolesi anafunsa, "Amayi?"

A Manuwele anaweramitsa mutu. Anati anamwalira chilimwe chathachi, atadwala miyendo, ndipo iye sakanatha kuwasiya kuti abwere msanga. A Dolesi anagwira pakamwa. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, "Anamwalira akudziwa kuti ndilipo?"

"Anakumvani, achemwali. Kwa akatekisiti kunali wailesi imene tinkabisa m'nkhokwe. Nyimbo itangoyamba, dzina lisanatchulidwe, amayi anati, 'Ameneyo ndi Dolesi, akuyimbira m'mphuno ngati ine.' Atamva bambo uja akunena kuti simudziwa tsiku lanu lobadwa, anakwiya. Anati, 'Akundichititsa manyazi pa wailesi mwana ameneyu, ngati ndinamutola.' Ndiye anandipatsa mawu oti ndidzakuuzeni, ndipo ankandibwerezetsa mpaka masiku awo omaliza." Anakhala tsonga ngati mwana wa sukulu. "Akuti munabadwa nandolo ali ndi maluwa, m'mawa woyamba wa chiperoni chaka chimenecho. Iwo ankachokera kotunga madzi, ndipo mtsuko unasweka panjira. Akuti mukawauze a wailesiwo."

A Dolesi anaseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mtsuko umenewo ankandinena nawo ndili mwana, kuti ndinawaswera mtsuko. Ine sindinkadziwa kuti ndinauswa liti." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa ine. "A Lasitoni, batire yanu ija inafika."

Ndinabwerera kuphiri wapansi, ndipo ndinawafotokozera mayi anu zonse. Za koloboyi sanazitchulenso.

Goliati, sabata ino

A Zimba ndinawatumizira uthengawo kudzera mwa dalaivala wa lole ya tiyi, koma dalaivalayo anabwerako n'kunena kuti a Zimba anapuma ntchito ndipo pulogalamu ija inatha. A Dolesi anathyola tiyi mpaka msana unakana, ndipo atamwalira anaikidwa kwa Changata kumene Juwawo anapeza malo. Kaya tepi ija ikadalipo, kaya inadyedwa ndi chinyezi, sindidziwa, ngakhale ndimafunitsitsa kudziwa. Ndinayesa kamodzi kuimbira foni mnyamata wa pulogalamu ya m'mawa uja. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Agogo, deti yake ndi iti?" Ndinamuuza za nandolo ndi chiperoni. Anati kompyuta yawo imafuna nambala.

Inu munawerengera pa koloboyi, maso akuwawa ndi utsi, ndipo ine ndinapuma ntchito ndili pa giredi yomwe ndinali nayo tsiku limene ndinasenza batire. Zimenezi zimandiwawabe, makamaka ndikakuona iwe Agnesi ndi magalasi ako. Sindikukupemphani kuti munene kuti ndinachita bwino. Ndangofuna mudziwe chimene munalipira.

Dzulo kunacha ndi nkhungu, kamvula kosalekeza kakuwaza, chiperoni choyamba chaka chino. Nandolo wa mayi anu kuseri kwa nyumba ali chikasu chokhachokha. Ndinatsegula wailesi monga mwa masiku onse, ndipo mnyamata uja anatchula oyimba ake a tsikulo, wa kuno ndi wa kunja. Atamaliza, ine ndili chiimire pakhomo la khola, ndinanena mokweza kuti, "Ndi a Dolesi." Ndinkayesa ndili ndekha. Mayi anu anayankha ali kukhitchini, osatulutsa n'komwe mutu, "Mwana wa a Rozina."